Mlembi ndi Mthandizi Wache: Za Kulemba Mbiri ya ku Nyachikadza

Masiku ano m'dziko mwathu mwafika chinthu chimene makolo athu sanachilote konse. Munthu atenga foni yache ya m'manja kapena kompyuta, nalembamo funso, ndipo asanameze malobvu makina amyankha ndi mau osalala, monga ngati kuseri kwa galasi kwakhala mphunzitsi wokalamba. Makina amenewa Azungu awatcha AI, ndiko kunena nzeru zochita kupanga. Ife muno tidzawatcha makina anzeru. Omveka koposa ndiwo ChatGPT, amene kampani ya OpenAI ya ku America inawatulutsa mu Novembala 2022 kuti anthu onse achite nao. Ana a sukulu, aphunzitsi ndi alembi a m'maofesi ayamba kale kuwapempha kuti awalembere makalata ndi nkhani. Ena akondwa, nati nchito yapepuka. Ena aopa, nati luso la kulemba lidzafa.

Awerengi okondedwa, mlandu uwu tiuunike ndi mbiri. Kulemba mothandizidwa sikunayambe dzulo ai. Mabuku oyamba a chinenero chathu analembedwa ndi anthu awiri kapena ambiri: wina wogwira cholembera, wina wodziwa mau. Tikaona m'mene iwo anagwirira nchito yao, tidzadziwa pomkhazika mthandizi watsopanoyu. Chitsanzo chathu titenga dera la Mfumu Nyachikadza, popeza kumeneko kulemba bwino kapena kulemba moipa kukhudza moyo wa anthu.

Dziko la m'madzi

Dera la Nyachikadza lili kumwera kwa Boma la Nsanje, m'dambo la Ndindi, pa malire a dziko lathu ndi Mozambique. Nyengo ya madzi munthu afikako pa bwato. Mtsinje wa Shire ukasefukira umiza minda ndi nyumba. Koma ukaphwa usiya dothi lachonde, ndipo anthu abzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'madimba pamene a kumtunda alikudikira mvula. Zaka za njala akumba nyika m'dambo, naphanso nsomba. Eni dziko akale a chigwa chino ndiwo Amang'anja. Asena anadza ambiri kuchokera ku Zambezi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuthawa nchito yokakamiza ya ku dziko la Apwitikizi, ndipo enanso anadza pa nkhondo ya Makombe ya 1917. Kotero lero m'midzi imeneyi mumveka Chisena, Chimang'anja ndi Chichewa cha kusukulu.

Dzina la Nyachikadza limveka m'manyuzipepala makamaka pakagwa tsoka. Linamveka pa chigumula cha Januwale 2015, chimene chinasamutsa anthu oposa 200,000 m'dziko lino. Linamvekanso pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Boma lanena kawirikawiri kuti anthu asamukire kumtunda, ndipo ambiri a iwo akana, nati chakudya chao chili m'dothi la m'dambo ndi manda a makolo ao ali komweko. Ife sitiweruza mlandu umenewu muno. Tingoti: amene adzaweruza adzawerenga zolembedwa, ndipo zolembedwa zambiri za dera ili nza alendo amene anafika tsiku la madzi, nachoka madzi asanaphwe. Mwana wa komweko wofuna kulemba mbiri ya kwao ali ndi nchito yaikulu, ndipo ayenera kudziwa njira yache.

Alembi oyamba ndi athandizi ao

Tiyambe kutali, ku gombe la nyanja ya mchere pafupi ndi Mombasa. Kumeneko, pa mishoni ya Kisulutini, kunali Mjeremani dzina lache Johannes Rebmann. M'chaka cha 1853 iye anakomana ndi munthu wogwidwa ukapolo, dzina lache Salimini, wochokera m'chigawo chimene lero tichitcha chapakati cha Malawi. Rebmann sanapondepo phazi m'dziko lino. Mau onse a m'buku lache anatuluka m'kamwa mwa Salimini, ndipo iye anafunsa, nalemba, nabwerezanso kufunsa. Bukulo, lomasulira mau a chinenero chimene anachitcha Kiniassa, linasindikizidwa mu 1877 Rebmann atafa kale. Pa chikuto pache pali dzina la Rebmann ndi la mnzache Krapf amene analikonza. La Salimini lipezeka m'kati mokha. Taonani tsono: wolemba anali ndi pepala ndi inki, koma chuma cha bukulo chinali m'mutu mwa kapolo wokumbukira kwao.

Tibwere ku Shire. Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje uwu pa sitima yache yaing'ono ya Ma Robert, napyola dziko la Tengani kufikira pa mathithi a kumtunda kwa mudzi wa Chibisa. Mu 1861 anadza amishoni a Universities' Mission, namanga ku Magomero. Bishopu wao Mackenzie anafa pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira m'Shire, ndipo chaka chomwecho otsala anatsikira kwa Chibisa, m'dera la Chikwawa. Poyamba analankhula ndi anthu mwa omasulira amene anadza nao kuchokera ku Cape Town, anthu oomboledwa ku ukapolo. Koma womasulira apereka chimene iye wamva, ndipo amishoni anaona kuti ayenera kutchera khutu okha. Anasonkhanitsa mau a Chimang'anja pakati pa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, anzao alikufa ndi malungo. Mu 1863 anasamukira ku phiri la Morrumbala, kutsidya la Shire, nachokeratu mu 1864. Nchito yao inaoneka ngati yatayika. Koma mu 1875 kunatuluka kabuku ka galamala ndi mau a Chimang'anja, ka Procter ndi Blair, kochokera m'zimene anazimva m'midzi ya dziko lino.

Buku lalikulu linadza mu 1892, pamene David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja. Scott sanakhutire ndi kulemba liu ndi tanthauzo lache lokha. Pansi pa liu anaika ziganizo monga anthu azinenera, nafotokoza miyambo, milandu, zida ndi masewera, kotero kuti wowerenga amva mudzi wonse ulikulankhula. Zoterezi munthu sazipeza ali m'chipinda. Azipeza pa bwalo, pa mtondo ndi pa ulendo. Ngakhale buku lotere silinayesedwe lomalizika, pakuti patapita zaka 37, mu 1929, Alexander Hetherwick analikonzanso naonjezamo mau. Momwemonso Buku Lopatulika: bungwe lomasulira linayamba mu 1900, William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzache anagwira nchito pamodzi ndi aphunzitsi a dziko lino, kuyesa liu ndi liu, ndipo buku lathunthu linasindikizidwa mu 1922. Zaka 22 pa buku limodzi! Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ofunsa mbiri m'chigwa

Atatha olemba mau, anadza olemba mbiri. Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Holland, anafika m'dziko lino mu 1955, nakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire. Iye anafunsa akulu za Mbona, amene kachisi wache ali ku Khulubvi m'Boma la Nsanje. Anapeza kuti nkhaniyo siikambidwa mofanana: kwina mdani wa Mbona ndiye Mlauli, kwina mlandu ugwera Lundu, ina ndi yaifupi, ina ndi yaitali yokhala ndi maina a malo ambiri. Munthu wofulumira akadasakaniza zonse, natulutsa nkhani imodzi yosalala. Schoffeleers sanatero. M'buku lache la River of Blood, la 1992, anaika nkhanizo padera padera, nafunsa chifukwa chache anthu a mbali iyi akamba motere ndi a mbali iyo motero. Kusiyana kumeneko ndiko kunamphunzitsa za mikangano yakale ya mafumu ndi osunga kachisi.

Elias Mandala, mwana wa dziko lino, anatulutsa mu 1990 mbiri ya alimi a chigwa chino kuyambira 1859 kufikira 1960. Anawerenga makalata akale a Boma, inde, koma anayendanso m'midzi kufunsa amuna ndi akazi okalamba. Mtsinje anaulemba Tchiri, monga eni ache autchulira. Mwa zina anafotokoza m'mene madzi a Shire anakwerera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, nyanja itadzala, namiza madimba ambiri, ndipo ulimi wa thonje umene unapatsa anthu ndalama unagwa. Makalata a Boma anawerenga thonje limene linagulidwa. Koma m'mene banja linagawanira nchito, ndi chimene linadya thonje litagwa, zinadziwika ndi akulu a m'midzi.

Mwa anthu onsewa, kuyambira Rebmann kufikira Mandala, tiona dongosolo limodzi. Anayamba ndi kufunsa wodziwa. Analemba zimene anamva. Anabwerera kukayesa ngati alemba zoona. Anakonza kawiri ndi katatu. Pamene anasiya dongosolo ili analakwa, ndipo olowa m'malo mwao anawakonza.

Mthandizi watsopano

Tsono makina anzeru ndi mthandizi wotani? Opanga ache anawapatsa mulu waukulu wa zolembedwa, za pa intaneti ndi za m'mabuku, zoti munthu sakhoza kuziwerenga ngakhale atakhala ndi moyo zaka zikwi. M'zolembedwazo makina anaphunzira kuti liu lakuti litsatidwa kawirikawiri ndi liu lakuti. Mukawafunsa, iwo alumikiza mau oyenerana, limodzi pambuyo pa linzache, kufikira yankho litakwanira. Chifukwa chache mau ao atuluka osalala. Koma kusalala ndi choonadi nzosiyana. Pamene zolembedwa zili zambiri, monga za London kapena za malamulo a Chingerezi, yankho likhala loona kawirikawiri. Pamene zili zochepa, makina akhoza kudzaza mpata ndi zooneka ngati zoona, osasintha nkhope.

Ichi chinaoneka poyera ku New York mu 2023. Maloya ena anapereka ku bwalo la milandu chikalata chotchula milandu 6 yakale yoti ichirikize mau ao. Woweruza atafufuza anapeza kuti milanduyo kunalibe. ChatGPT inaipeka, maina ndi zaka zomwe. Mu Juni chaka chomwecho bwalo linawalipitsa madola 5,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zinatero m'Chingerezi, chimene makina achidziwa koposa zinenero zonse, nanga m'chinenero chathu?

Chichewa chinalowa m'makina omasulira a Google mu Disembala 2014, koma zolembedwa zache pa intaneti nzochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo za Chisena ndi Chimang'anja nzochepa koposa. Taganizani gogo wa ku Nyachikadza amene atsiriza nkhani yache nati, takhuta. Pa Chisena iye walikuthokoza. Makina ozolowera Chichewa akhoza kulemba kuti gogoyo wadya nakhuta. Kapena mai wina anena za nyika imene anadya chaka cha njala. Makina amene anawerenga Chishona chambiri akhoza kumva dziko, pakuti ndilo tanthauzo la liulo kumeneko. Ndipo mukawapempha mbiri ya Nyachikadza, iwo adzatenga zimene anaziwerenga, ndizo nkhani za chigumula ndi za chithandizo, nadzakupatsani chithunzi cha anthu ongodikira kupulumutsidwa. Madimba, maukwati, milandu ya malire, njira za mabwato ndi maina a akulu sizidzaonekamo, kapena zidzaoneka zopeka.

Apa ndipo pali kusiyana kwa Salimini ndi makina. Salimini anadziwa dziko, nasowa cholembera. Makina adziwa kukonza ziganizo, koma ku Ndindi sanafikeko. M'nthawi ya Rebmann wodziwa anali mthandizi. Lero wodziwa ndinu, wolemba, pamodzi ndi akulu a kwanu. Mukatembenuza dongosolo, nimufunsa makina zimene muyenera kufunsa agogo anu, mwaika kalaliki pa mpando wa mboni.

Njira yoyenera kuitsata

Sitinena kuti makina atayidwe. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka nkakuthwadi. Tingopempha kuti nchito iyende m'dongosolo lache.

Poyamba, wolemba asankhe chinthu chimodzi chofuna kuchinena, nachilembe m'chiganizo chimodzi ndi dzanja lache: kapena m'mene mudzi unasamukira chaka chakuti, kapena m'mene akazi alimira dimba madzi ataphwa. Wosadziwa chofuna kunena adzalandira chilichonse chimene makina ampatsa. Pa sitepe iyi makina akhoza kuthandiza pang'ono, pomkumbutsa mafunso ena oti akafunse.

Kenaka apite kwa odziwa. Apemphe chilolezo kwa mfumu ndi kwa wokamba, nanene poyera kumene mauwo adzapita. Afunse amuna ndi akazi, Asena ndi Amang'anja, obwerera ku dambo ndi okhala kumtunda. Alembe tsiku, malo ndi chinenero chimene anakambira, ndipo ngati wokamba alola, atole mau ache pa foni. Akapeza kuti awiri asiyana, asunge zonse ziwiri monga anachitira Schoffeleers. Awerengenso mabuku amene alipo. Ngati Chingerezi chache chambvuta, makina amthandize kumva tanthauzo, koma chaka kapena dzina alitenge m'buku lenileni ndi maso ache.

Pamenepo alembe yekha nkhani yonse, ingakhale yokhotakhota. Ichi ndicho chobvuta, ndipo ambiri afuna kuchilumpha. Koma polemba ndi pamene munthu azindikira chimene achidziwa ndi chimene angochiganizira. Mau oyamba akachokera m'makina, wolemba angokhala wokonza za mwini, ndipo kayendedwe ka Chingerezi kalowa m'Chichewa chache osadziwa.

Nkhani itaima pa miyendo yache, ndiyo nthawi yoitana mthandizi. Amuuze kuti awerenge monga mlendo wosadziwa chigwa, nasonyeze pamene sipamveka, pamene mau abwerezedwa, ndi pamene nkhani yalumpha chaka kapena malo. Nchito imeneyi makina aigwira bwino, osatopa ndi osakwiya, ngakhale pakati pa usiku. Koma wolemba awaletse kuonjeza dzina, chaka kapena chiwerengero. Ndipo akasintha liu la Chisena kapena la Chimang'anja, alibwezere. Asalowetsemo zinsinsi za anthu amoyo, matenda ao kapena milandu yao, pakuti zolembedwa m'makina otere zipita ku makompyuta a kampani kutali, kumene mwini nkhani alibe ulamuliro.

Atatha apo, ayese mfundo iliyonse payokha. Pa dzina lililonse ndi chaka chilichonse adzifunse kuti: ndani anandiuza, kapena ndinachiwerenga m'buku liti? Chimene gwero lache ndi makina okha achichotse kufikira atapeza mboni. Safunsa anadya phula.

Chotsatira ndicho chimene makina sakhoza kuchita konse. Wolemba akwere bwato, nabwerere kwa amene anamuuza, nawawerengere mokweza. Khutu la mwini mau limva msanga pamene pakhota. Gogo adzati, ai mwanangu, sindinatero. Kapena adzakumbukira china chimene anaiwala tsiku loyamba. Buku lowerengedwa pa bwalo lisanasindikizidwe silichititsa manyazi mwini wache.

Potsiriza, atchule athandizi ache. Amene alola kuti maina ao alembedwe, alembedwe poonekera, kuti chimene chinachitikira Salimini chisachitikenso. Ndipo ngati makina anathandiza kukonza, anene chomwecho m'mau ochepa, kuti wowerenga adziwe poika chikhulupiriro chache. Mlandu wa zonse zolembedwa ukhala pa mutu pa wolemba. Pa bwalo palibe adzamva kuti anandinamiza ndi makina.

Mau kwa aphunzitsi ndi achinyamata a m'chigwa

Pali chinthu china choyenera kuchikumbukira. Makina a mawa adzaphunzira pa zolembedwa za lero. Tikadzaza intaneti ndi nkhani zopeka za midzi yathu, iwo adzaziwerenga nadzazibwereza kwa adzukulu athu monga zoona, ndipo bodza lidzabala linzache. Tikalemba zoona, zofunsidwa bwino ndi zoyesedwa bwino, m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, mwana wofunsa za kwao adzalandira yankho labwino koposa la lero, ndipo akulu a Boma pokamba za kusamuka adzakhala ndi mau a eni ache patsogolo pao.

Nthawi ilikupita. Ana amene anaona madzi alikukwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 lero apyola zaka 90, ndipo otsala ngowerengeka. Mapepala a m'nyumba za m'dambo anyowa chaka ndi chaka. Chifukwa chache, inu aphunzitsi a ku Nsanje ndi Chikwawa, madzi akaphwa chaka chino tumani ophunzira anu awiri awiri, aliyense ndi kope ndi funso limodzi, akakhale pansi pamaso pa agogo ao. Zimene adzabwera nazo muzikonze pamodzi m'kalasi, makina athandize pamene ayenera, ndipo kope limodzi lisungidwe kumtunda kumene madzi safika.